Khofi wa a Oupa

Ine ndinabadwira m'tiyi. Mayi anga anathyola tiyi pa esiteti mpaka msana unapindika, inenso ndinathyola zaka zingapo, dengu kumsana, mame m'miyendo. Munthu akanandiuza nthawi imeneyo kuti chodzandichotsa ntchito kunja ndi khofi, ndikanamuseka mpaka nthiti kuwawa. Khofi sindimwa n'komwe. Amandiwawa ngati mankhwala a malungo.

Ndinachoka ku Milonde chaka chimene Yankho, mwana wanga mmodzi yekhayo, anasankhidwa kupita kusekondale yogonera komweko. Bambo ake anali atalowera ku Mozambiki kalekale osabwerako, ndipo ndalama za pa sikelo ya esiteti sizikanagula ngakhale matilesi ake. Esinati, mnzanga amene tinkathyola naye mzere umodzi, anali atakhalitsa ku Kepi. Ndiye anandiimbira foni kuti panyumba ya alendo pamene ankagwira ntchito pakufunika munthu wa kukhitchini. Ndinasiya mwana m'manja mwa mayi anga n'kukakwera minibasi pa Boma. Za ulendowo sindinena zambiri. Ndinafika miyendo itatupa ngati mitondo, ndipo pasanapite nthawi masiku a m'pasipoti anatha, ndinakhala m'gulu la anthu otembenuka msanga akaona galimoto ya apolisi.

Mwini nyumbayo tinkangoti a Madamu. Anali mayi wamtali, wosaseka pachabe, koma ndisawanamizire, malipiro sanachedwetsepo ngakhale tsiku limodzi. Ine ndi Esinati anatipatsa kachipinda kuseri kwa garaja. Bedi linali limodzi, ndiye nyengo yozizira tinkakanganirana bulangeti ngati ana. Lamlungu tinkaphika tiyi wa kwathu amene ankabwera ndi matransipota, aja onyamula anthu ndi katundu pakati pa kwathu ndi Kepi, n'kumajeda akapitawo onse a pa esiteti mmodzimmodzi. Mwezi ukatha ndinkatumiza fizi, ndipo Yankho ankandiwerengera malikisi ake pafoni. Masiku amenewo ndinkayenda mutu uli m'mwamba.

Pakona ya khitchini panali makina a khofi, akuda, onyezimira. Khofi wake sankabwera m'paketi ayi. Ankabwera m'timakapu ting'onoting'ono totseka pamwamba ndi kachivundikiro konyezimira kolembedwalembedwa. Umaponya kamodzi m'kamwa mwa makinawo, n'kutseka, n'kudina batani. Makina amabangula, amaboola kakapu kaja, khofi n'kutsikira m'kapu. Tsiku loyamba Esinati atandionetsa, anatulutsa kakapu kogwiritsidwa kale ntchitoko n'kukaponya m'bini.

"Iwe, wataya chiyani?" ndinafunsa.

"Katha ntchito kameneko."

"Katha bwanji khofi akadali momwemo thothotho?"

"Kamodzi, kapu imodzi, basi. Usayambe za ku Milonde muno, amwali."

Zinandiwawa ngati chinthucho n'changa. Kwathu masamba a tiyi timaphika m'mawa, madzulo tithiramonso madzi, mawa lake mwina tiwonjezeramo katsopano pang'ono. Apa bini inkadzaza tsiku ndi tsiku ndi timakapu tabwinobwino, tolimba, toti mwana akanasewera nato chaka chathunthu. Esinati atandinong'oneza mtengo wake ndinagwira pakamwa. Kamodzi kokha kankaposa buledi.

Ngakhale a Madamu makinawo sankawakonda. Ankati pogula anali otchipa, koma tsopano akuwadya amoyo. Sankalola timakapu ta kampani ina totsikako mtengo, ankangofuna take tomwe. Pakapita milungu ingapo ankatsekeka m'kati n'kumafuna mankhwala akeake otsukira. Magetsi akazima, ankangokhala ngati mwala. Alendo akachuluka ankadikira kapu imodziimodzi ngati anthu a pachigayo. Koma kuwachotsa sakanatha, chifukwa alendo a masiku ano akapanda kupeza khofi wotereyo amakalemba zoipa pa intaneti.

Tsono m'nyumbamo munali munthu wina. Bambo ake a Madamu, nkhalamba yowonda yoyenda ndi ndodo, ankagona m'chipinda choyandikana ndi khitchini. Onse ankawatchula kuti Oupa, ndiye kuti agogo m'chilankhulo chawo. Anali atagwapo kamodzi ndi matenda a mtima, ndipo dokotala anawaletsa mchere, fodya ndi khofi. Ine ndinadzimvera ndekha a Madamu akuwauza patebulo, mawu ali phee.

"Atate, mukapitiriza kuchita za mutu wanu, ine sindingathe. Alendo andidikire, inunso mundidikire? Malo ndakawaona kale kunyumba ya okalamba."

Ndinaima ndi mbale m'manja mutu utaima. Munthu kukasiya bambo ake omubereka kwa anthu achilendo, nyumba ili ndi zipinda zonsezi? Nkhalambayo inangopinda kansalu kopukutira pakamwa, n'kukapindanso.

Masana aliwonse a Madamu ankatuluka ndi galimoto kukagula zinthu. Tsiku lina atangotuluka ndinamva ndodo, gwa, gwa, gwa, kulowa m'khitchini. A Oupa anaima pafupi ndi makina aja, n'kuwasisita pamwamba.

"Mwana wanga," anatero, "kapu imodzi yokha."

Ndinkadziwa za dokotala. Ndinkadziwa zonse. Koma ine anandilera kuti munthu wamkulu akapempha chakumwa sumufunsa mafunso, umasamba m'manja n'kumupatsa ndi manja awiri. Pakamwa panga panakana kutulutsa mawu oti ayi kwa munthu wa imvi. Ndinatenga kakapu m'dirowa n'kudina batani. Mayo ine, phokoso lake! Tsiku limenelo linamveka ngati lifika mpaka kumsewu. Maso anga anali pageti. Iwo anamwa pang'onopang'ono atatsinzina, kenako anati zikomo n'kubwerera kuchipinda. Ndinatsuka kapu, kutsegula mawindo, n'kukazinga anyezi kuti fungo lisokonezeke.

Mawa lake anabweranso. Mkuja wake chimodzimodzi.

Esinati anatipezerera tsiku lina akuchokera koyala mabedi. Anadikira a Oupa atuluke, kenako anandikokera kuseri kwa chitseko.

"Wapenga eti? Ukufuna tonse tikagone pansi pa mlatho?"

"Nanga ndiwakanize bwanji munthu wamkulu?"

"Ndi pakamwa pako pomwepo! Kuno si kwanu, asisi. Kuno ulemu sulipira fizi."

Sanalakwitse. Lolemba lina a Madamu anatiitana tonse awiri, dirowa ili yotsegula.

"Timakapu tikutha kuposa alendo amene akugona muno," anatero. "Sindikuloza munthu chala. Koma kuyambira lero ndiziwerenga, ndipo tikasowanso, nonse awiri mupita."

Masana ake ndinalimba mtima. A Oupa atalowa ndinawauza kuti lero ayi, a Madamu adziwa. Sanatsutse. Anangoti chabwino, n'kupita okha pamakina paja. Manja awo ankanjenjemera moti kakapu kanagwa pansi kawiri, ndipo atawerama kuti atole, anadzandira n'kugwira tebulo. Ndinawalanda. Ndinali nditakwiya, ndisabise, ndinkafuna kuwakalipira ngati mwana. Koma ndinawakhazika pampando n'kuwapangira.

Apa ndi pamene nzeru za ku Milonde zinandilowa, zija anandiletsa Esinati tsiku loyamba. Ndinayamba kutola timakapu m'bini. Ndinkatisenda pamwamba, kutitsuka, n'kutiyanika pawindo la kachipinda kathu. Pashopu ya Msomali wina ndinagula paketi ya khofi wogaya wotchipa. Ndinkathira ndi kasupuni, kutsendera ndi chala, kudula foyilo yokutira nyama mu uvuni, n'kuipinda m'mbali mwake ndi chikhadabo mpaka igwire. Koyamba kuyesa, makina anabangula monga mwa nthawi zonse ndipo khofi anatuluka. Ndinavina ndekha m'khitchini. Paketi imodzi ija inkadzaza timakapu tambirimbiri, ndipo ndinadzifunsa kuti kodi azungu ndi sukulu yawo yonseyo zimenezi sanaziganize bwanji.

Ndinapereka kapu yoyamba kwa a Oupa. Analawa kamodzi n'kukwinya nkhope.

"Awa ndi madzi otsukira mbale," anatero, n'kukankha kapu.

Taonani nkhalamba! Munthu akuba khofi m'nyumba ya mwana wake, koma akusankhanso. Ndiye ndinatembenuza zinthu. Enieniwo ankamwa a Oupa, anga ankamwa alendo. Osati alendo onse ayi. Ndinkayamba ndafunsa kuti mkaka ndi shuga, bwana? Amene ankati eya, awiri kapena atatu, ameneyo ankamwa wa Msomali ndipo ankayamika. Womwa wakuda wopanda kanthu ndinkamupatsa weniweni. Timakapu tangato ndinkatiika kumbuyo kwa dirowa chozondoka, kuti a Madamu akamawerenga azingoona matako ake, ofanana ndi enawo.

Miyezi iwiri inatha chonchi. Nambala inkakwana, a Madamu anasiya kutiyang'ana ndi diso lija. Koma mtendere ndinalibe. Dirowa ikatseguka ndili kuchipinda china, ndinkasiya ntchito n'kutchera khutu. Esinati anasiya kundilankhula za nkhaniyo. Ankangoti akaona timakapu tili pawindo, n'kutembenukira kukhoma.

Tsiku lake linali Loweruka. Kunagona gulu la azungu okwera njinga, khumi ndi awiri, ndipo ankafuna kunyamuka m'mawa. Magetsi anali atazima kuyambira mbandakucha, n'kuyaka anthu atakhala kale patebulo, aliyense akuyang'ana wotchi. Makina opanga kapu imodziimodzi, anthu khumi ndi awiri, mazira ali pamoto. A Madamu analowa akukwinya manja a bulauzi.

"Iwe kazinga mazira. Khofi ndipanga ine."

Ndinayankha msanga. "Ndipanga ndine, Madamu, mazira apsa kale."

"Ndati kazinga mazira."

Kutsogolo kwa dirowa kunatsala timakapu tenitenito tisanu. Ndinaima pachitofu msana uli kwa iwo, makutu onse ali kumbuyo. Makina anabangula koyamba. Kachiwiri. Kachitatu ndinaswa dzira pambali pa poto, linayenderera pachitofu. Kachinayi ndinapemphera kuti magetsi azimenso. Kachisanu. Kenako ndinamva dzanja likufufuza kumbuyo kwa dirowa.

Anakaponya osayang'ana. Kameneko ndinali nditakatsendera kwambiri, ndipo ndikanakhala ine ndikanakazindikira polemera. Makina anabuula mawu achilendo, anakhala ngati atsamwa, kenako anafwenthera madzi otentha akuda ndi zitsotso m'mbali monse. Bulauzi yoyera ija inadzaza madontho kuyambira pachifuwa mpaka m'manja. A Madamu anakuwa, n'kutsegula makina, n'kutulutsa kakapu kaja ndi nsonga za zala. Anakayang'ana nthawi yaitali. Kenako anasolola dirowa yonse n'kuikhuthulira patebulo. Timakapu tanga tinagubuduzika, foyilo yanga yamakwinya ili poyera.

Anawiritsa madzi m'ketulo, n'kupangira otsalawo khofi wa m'botolo, akumwetulira alendo ndi kupepesa. Ine ndinapereka mazira. Njinga yomaliza itatuluka pageti, anatseka chitseko cha khitchini n'kuitana Esinati.

A Oupa anali pakona pawo pa masiku onse, akudya phala.

"Tenitenito tili kuti?" anafunsa a Madamu. "Mukugulitsa kwa ndani?"

"Ine sindikudziwapo kanthu, Madamu, Mulungu akuona," anatero Esinati, misozi ili m'maso.

"Alendo anga akhala akulipira khofi wabwino n'kumamwa zinyalala za m'bini. Mukudziwa kuti mmodzi akanadziwa, nyumba ino ikanatha? Ndiitane apolisi adzakufunseni okha?"

Mawu oti apolisi atamveka, Esinati anandiyang'ana. Sindidzaiwala maso amenewo. Iye ndiye anandibweretsa, iye ndiye anandiikira umboni, ndipo kwawo kunali ana atatu odya za m'manja mwake.

"Esinati sizikumukhudza," ndinatero. "Ndinadzaza ndine."

"Ndakufunsa tenitenito."

Ndinayang'ana pansi. Pamenepo a Madamu anatembenuka pang'onopang'ono, n'kuyang'ana kukona kuja. Funso anafunsa ine, koma maso anali pa bambo awo.

"Kapena pali amene wakhala akumwa?"

Supuni ya a Oupa inaima m'malere. Ndinawadikira. Mumtima ndinkati, agogo, nenani, ndinu bambo ake, sangakuitanireni apolisi inu. Ndinkangofuna atsegule pakamwa, ngakhale kutsokomola kokha. Anayang'ana m'phala mwawo ngati mwagwera kanthu. Ndinaona kuti munthuyo ali ndi mantha kuposa ine, ndipo ndinadana nawo ndi kuwamvera chisoni nthawi imodzi.

Yankho ndinamuganiza. Ndisaname kuti ndinamuiwala. Ndinamuona ali m'yunifolomu yake, ndinaona fizi ya teremu yotsatira. Mawu anali okonzeka palilime, atatu okha: ndi bambo anu. Koma kuloza munthu wamkulu chala iye ali pomwepo, kuti mawa amunyamule ndi sutikesi yake akamusiye kwa alendo chifukwa cha pakamwa panga, lilime linakana.

"Ndinkamwa ndine, Madamu."

"Iwe?" Anaseka kuseka kopanda chimwemwe. "Iwe amene umabwera ndi tiyi wako wa kwanu m'kabotolo?"

"Ndinazolowera, Madamu."

Anapita kuchipinda chawo n'kubwera ndi bokosi latsopano. Anapukuta makina, kuponyamo kakapu, kudina batani. Tonse tinaima kumvetsera phokoso lija mpaka litatha. Anaika kapu patsogolo panga, wakuda bii, wopanda shuga.

"Imwa tione."

Ndinainyamula ndi manja awiri. Anali wotentha, wowawa mpaka m'makutu. Ndinamwa yense osapumira, maso anga ali pa a Oupa. Iwo sanadzutse mutu.

A Madamu sanapusitsike, ndikudziwa. Ndinaona pankhope pawo kuti adziwa zonse. Koma ndikuganiza kuti bodza langa linawapepukira kuposa zoona, chifukwa zoonazo zikanawakakamiza kuchita zimene analonjeza patebulo paja. Anakhala pansi n'kugwira pamphumi.

"Longedza," anatero. "Za mwezi uno ndikupatsa zonse. Apolisi sindiitana. Koma kalata ya umboni wa ntchito sindilemba, sindingauze munthu kuti akukhulupirire."

Esinati anandithandiza kulongedza akulira ndi kunditukwana pamodzi. Potuluka ndinadutsa pawindo la a Oupa. Katani inali yotseka.

Ku Kepi wopanda kalata ndiponso wopanda mapepala ndi munthu wa maganyu basi. Ndinachapa kuno, kukolopa uko, kugona kwa anthu a kumpingo mpaka nawonso anayamba kuyankhula ndi maso. Teremu imodzi ndinakwanitsa kutumiza. Yotsatirayo ndinalephera. Yankho anamaliza Folomu 3 n'kubwerera kwa agogo ake ndi matilesi ake pamutu. Patapita miyezi ingapo inenso ndinakwera galimoto ya matransipota, chikwama chimodzi chomwe ndinapita nacho.

Kumudzi ndinauza aliyense kuti ndi nkhani ya mapepala. Palibe anadabwa, ambiri amabwera choncho. Mayi anga ndinawapeza maso atachita khungu pang'ono. Yankho ndinamupeza atatalika kundiposa, ndipo anandilandira mwaulemu ngati mlendo. Sanandifunse kanthu. Mvula itayamba anakalembetsa yekha pa esiteti, n'kupatsidwa dengu.

Nyengo ya Khirisimasi Esinati anabwera kudzaona ana ake, ndipo madzulo ena anatulukira kwathu atavala magalasi akuda ngati mlendo wokwera phiri. Tinakumbatirana, kulira, kuseka. Tinakhala pakhonde. Yankho anali atangoweruka, anakhala chapatali pang'ono akutsuka miyendo m'beseni.

"Amwali, agogo ako a khofi aja unamva?" anatero Esinati.

Ndinamutsinzinira diso, koma iye ankavula nsapato, sanaone.

"Amene analowa m'malo mwako, mtsikana wa ku Zimbabwe, sanachedwe nazo. Nkhalamba itangoti kapu imodzi yokha, iye phazi thandize kwa a Madamu. Anakawasiya kunyumba ya okalamba ndi sutikesi yawo. Ndiye iwe kumwa chikhofi chowawa chija, kudzitcha wakuba, kutaya ntchito yabwinobwino kuti ubise munthu woti sanakutsegulire ngakhale katani! Makina akewo a Madamu anagulitsanso, akuti atopa nawo."

Madzi m'beseni anasiya kulira. Esinati anadzutsa mutu, n'kuyang'ana ine, n'kuyang'ana mwana, ndipo anagwira pakamwa.

"Mesa munati mapepala, amayi?" anafunsa Yankho.

Ndinamuuza zonse, pomwepo, kuyambira ndodo ija mpaka kapu yomaliza. Sindinadzikometsere. Anamvetsera osandidula, miyendo ili m'madzi. Nditamaliza sanayang'ane ine, anayang'ana Esinati.

"Anti, agogowo anakhalabe m'nyumbamo nthawi yaitali bwanji amayi atachoka?"

Esinati anayankha chapansipansi. "Masabata atatu."

"Atatu," anatero Yankho, akugwedeza mutu pang'onopang'ono. Anatulutsa miyendo m'beseni n'kuthira madziwo pansi pa nthochi. "Ine kunatsala chaka chimodzi, amayi."

Analowa m'nyumba kukayanika pulasitiki yake yovala pothyola, poti mawa lake linali tsiku la ntchito.